Kodi interpreter idziwe bwanji kuti ikugwira ntchito m'malo odzipatula?

Nkhwazi_C analemba:

Moni kwa nonse. Kwa chaka ndi theka tsopano ndakhala ndikulemba interpreter ya kachiyankhulo kanga ka kompyuta, ndiko kuti pulogalamu imene imawerenga ndi kuyendetsa zolembedwa m'chiyankhulocho. Ndikuilemba mu C madzulo ndikaweruka kuntchito, ndipo yafika poti anzanga atatu akuigwiritsa ntchito pa tinthu tawo. Vuto landipeza pa maphukusi, timitolo ta code yolembedwa kale timene mapulogalamu amagwiritsa ntchito. Pakali pano phukusi lililonse limene munthu waika limapita mufoda imodzi ya pansi pa `/usr/local/lib`, ndipo pulogalamu iliyonse imawerenga m'menemo. Mwezi watha ndinasintha phukusi lowerengera JSON kuti ligwirizane ndi ntchito yatsopano, ndipo pulogalamu ina yakale, imene imayenda yokha usiku kudzera mu cron (chida choyendetsa mapulogalamu pa nthawi yoikika), inaima osanena kanthu kwa masiku anayi ndisanazindikire.

Pofuna kuzimitsa moto msanga ndinaonjeza variable imene munthu amaika mu shell yotchula foda ya maphukusi ake. Izi zinathandiza sabata imodzi yokha, chifukwa cron sadziwa zimene ndinaika mu terminal yanga, choncho pulogalamu ija inabwereranso kufoda yakale. Ndaona tsopano kuti ndiyenera kumanga malo odzipatula enieni, momwe ntchito iliyonse imakhala ndi maphukusi akeake, onga amene a Python amawatcha venv, ndipo ndikufuna kuti nzeru yake ikhale m'kati mwa interpreter. Ndikupempha amene munayendapo njirayi kuti mundiunikire: interpreter iyenera kuzindikira bwanji kuti ili m'malo otere? Kodi ndikopere interpreter yonse pamodzi ndi laibulale yake m'malo aliwonse, kapena ndingolozera ku imene ilipo kale? Ndipo maphukusi oikidwa pakompyuta yonse azioneka m'kati mwa malowo kapena ayi?

Mphunzitsi_Wakale analemba:

A Nkhwazi, zimene zakuonekerani ndi zomwezo zimene zinasautsa anthu a Python kwa zaka zambiri, ndipo ndi bwino kuona mmene iwo anachokera kumeneko, popeza anayamba alakwitsa asanapeze njira yabwino.

CPython, interpreter yodziwika kwambiri ya Python, ikamadzuka imafunika kudziwa kumene laibulale yake yaikulu ili. Imayamba ndi foda imene fayilo yake yoyendetsa ili, n'kumakwera m'mwamba foda ndi foda kufunafuna chizindikiro, chimene pa Linux ndi fayilo ya `os.py` pansi pa `lib/python3.x`. Pamene yaipeza ndi pamene imapatcha `sys.prefix`, ndipo foda ya `site-packages` imawerengedwa kuchokera pamenepo. Ian Bicking atatulutsa virtualenv, chida chopangira malo odzipatula, mu 2007 anagwiritsa ntchito khalidwe lomweli ngati msampha: ankakopera fayilo ya python mufoda yatsopano, n'kuika pambali pake `os.py` ndi timafayilo tina tochepa tofunika podzuka, kuti interpreter ikhulupirire kuti kwawo ndi kumeneko. Kenako `site.py` yake yosinthidwa inkawerenga kafayilo kotchedwa `orig-prefix.txt` n'kulumikiza laibulale yotsalayo kuchokera kumene Python yeniyeni inali. Nzeruyi inagwira ntchito ndipo inafala kwambiri, koma inali yomangidwa ndi luzi. Mu 2012, pamene Python 2.7.3 ndi 2.6.8 zinatuluka ndi zokonza zachitetezo, anthu amene anakweza Python ya pakompyuta yawo anapeza mapulogalamu a m'malo awo akale akusweka, akudandaula kuti sangapeze `urandom`. Chifukwa chake chinali chakuti fayilo yoyendetsa yokopedwa ija inali yakale pamene laibulale imene inkalozeredwa inali yatsopano, ndipo ziwirizi sizinkamvananso. Izi zikuyankha funso lanu lachiwiri: mukakopera theka n'kulozera theka, tsiku lina matheka awiriwo adzasiyana msinkhu.

PEP 405 (PEP ndi chikalata chopereka lingaliro losinthira Python), imene analemba Carl Meyer ndipo inalowa mu Python 3.3 mu 2012, inachotsa chinyengo chonsecho poiphunzitsa interpreter chinthu chimodzi chokha. Isanayambe kufunafuna laibulale, imayang'ana ngati pali fayilo ya `pyvenv.cfg` pambali pa fayilo yoyendetsa kapena foda imodzi pamwamba pake. Fayiloyo ndi ya mizere yochepa ya mtundu wa dzina, chizindikiro cha `=`, ndi mtengo wake. Ikapezamo mzere wa `home`, imadziwa kuti ili m'malo odzipatula, ndipo imafunafuna laibulale yaikulu kuyambira kufoda imene `home` watchula m'malo moyambira pamene yaima. Zotsatira zake ndi mayina awiri: `sys.base_prefix` amaloza ku Python yeniyeni, pamene `sys.prefix` amaloza kufoda ya malo odzipatula. Laibulale yaikulu sikopedwa ngakhale fayilo imodzi, ndipo pa Linux fayilo ya `bin/python` imangokhala symlink, kafayilo kongoloza ku fayilo ina.

Chimene ndikufuna muchigwire pamenepa ndi chakuti malowo amadziwika ndi fayilo yoyendetsa imene yaitanidwa, osati ndi zimene zili mu shell. Ambiri amaganiza kuti `activate`, kafayilo kamene munthu amayendetsa polowa m'malowo, ndiye mwini zonse, koma kafayilo kameneko kamangoika foda ya `bin` patsogolo pa `PATH` (mndandanda wa mafoda amene shell imafunamo mapulogalamu), kuika `VIRTUAL_ENV`, kuchotsa `PYTHONHOME` ngati inalipo, ndi kusintha maonekedwe a prompt. Interpreter yokha siwerenga `VIRTUAL_ENV` posankha maphukusi. Mukadalemba njira yonse ya interpreter ya m'malo anu pa mzere wa cron, vuto la usiku lija silikadachitika. Variable ili ndi choipa chinanso chimene simunakumane nacho: imatsikira kwa ana onse a pulogalamu yanu. Pulogalamu yanu ikaitana chida china cha pakompyuta cholembedwa m'chiyankhulo chomwecho, chidacho chimalandira maphukusi anu m'malo mwa ake, ndipo chimasweka pa chifukwa chimene mwini wake sangachilote.

Pa mayina awiri aja panali mkangano woti dzina lakale liloze kuti, ndipo inunso mudzakumana nawo. Anasankha kuti dzina lakale, `sys.prefix`, liloze ku malo odzipatula, chifukwa mapulogalamu ambiri olembedwa kale ankaligwiritsa ntchito pofuna kudziwa koika zinthu. Pulogalamu yosadziwa za malo odzipatula ikalakwitsa, ndi bwino ilembe m'kati mwa mpanda kusiyana ndi kukalemba mufoda ya kompyuta yonse.

Funso lanu lachitatu ndi losavuta. Tsekani chitseko, ndipo amene akufuna atsegule yekha. Virtualenv inayamba ndi chitseko chotsegula, koma mu 2011, pa mtundu wa 1.7, anatembenuza kuti kusaona maphukusi a kunja kukhale kwachizolowezi. Mu `pyvenv.cfg` muli mzere wa `include-system-site-packages` wa amene akufunadi zimenezo.

Kalulu_wa_Seva analemba:

Mbiri imene a Mphunzitsi afotokoza ndi yoona, koma ine sindikuvomereza kuti munthu amene akuyamba chiyankhulo chatsopano lero atengere njira ya Python. PEP 405 ndi mankhwala a matenda amene Python inabadwa nawo, akuti foda imodzi ya maphukusi ndi ya kompyuta yonse, ndipo mankhwalawo anayenera kusamala kuti asaswe mapulogalamu a zaka makumi awiri. A Nkhwazi muli ndi anthu atatu okha ogwiritsa ntchito chiyankhulo chanu, choncho palibe katundu wakale amene akukulemerani.

Taonani mmene Node.js, imene imayendetsa JavaScript, imachitira. Fayilo ikapempha phukusi, Node imayang'ana mufoda ya `node_modules` pambali pa fayilo yopemphayo, ikalephera imakwera foda imodzi, mpaka kukafika ku mizu ya disiki. Palibe chopanga, palibe choyatsa, ndipo munthu watsopano saphunzitsidwa za malo odzipatula, pakuti ntchito iliyonse imakhala yodzipatula kale. Ndaphunzitsapo achinyamata Python, ndipo tsiku loyamba lonse limathera pa funso loti n'chifukwa chiyani phukusi limene angoika kumene silikupezeka, yankho lake n'kukhala lakuti atsegula terminal ina n'kuiwala `activate`. N'zoona kuti interpreter siifuna `activate`, koma munthu amaifuna, chifukwa palibe amene amakonda kulemba njira yaitali nthawi iliyonse.

Njira ya Node ili ndi phindu lina lalikulu. Popeza kufunafuna kumayambira pa fayilo yopemphayo, maphukusi awiri angathe kugwiritsa ntchito mitundu iwiri yosiyana ya phukusi lachitatu m'pulogalamu imodzi. Python singathe zimenezi ngakhale muipatse malo odzipatula zana, chifukwa imasunga zimene yawerenga mu `sys.modules` potsata dzina lokha, ndiye dzina limodzi ndi phukusi limodzi basi. Chisankho chimenechi chili m'kati mwenimweni mwa interpreter, ndipo mukachedwa nacho simudzathanso kuchisintha. Ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndaganiza za ichi ndisanakhudze nkhani ya fayilo yoyendetsa.

Anthu a Python enieniwo anaona ubwino wa njirayi. Mu 2018 kunabwera PEP 582 yofuna kuti interpreter iziwerenga foda ya `__pypackages__` ya mu ntchito imene munthu ali. Anaikana mu 2023, koma kukanidwa kwake sikutanthauza kuti nzeruyo ndi yoipa kwa chiyankhulo chimene chilibe mbiri yoiteteza.

Nkhwazi_C analemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri. A Kalulu, mfundo yanu ya dzina limodzi phukusi limodzi yandikhudza, chifukwa tebulo langa la maphukusi owerengedwa nalonso limatsata dzina lokha, ndipo sindinaganizepo kuti chimenecho chinali chisankho. Ndiganizirapo bwino.

Koma usiku wathawu ndinayesa njira ya a Mphunzitsi kuti ndione kulemera kwake, ndipo yandikanika pa sitepe yoyamba. Ndinapanga foda ya `malo/bin`, ndinaikamo symlink yoloza ku interpreter ya ku `/usr/local/bin`, ndipo ndinalemba kafayilo ka makonzedwe mu `malo`. Ndikaitana `malo/bin/` ndi dzina la interpreter, imadzuka bwinobwino koma kafayiloko siikaona, ndipo ndikaiuza kuti isindikize pamene ili imanena `/usr/local/bin`. Ndimapeza njira ya fayilo yoyendetsa powerenga `/proc/self/exe`. Kodi ndaphonya pati?

Mai_Getpath analemba:

A Nkhwazi, simunaphonye patali. Fayilo ya `/proc/self/exe` imakupatsani njira imene kernel yafikapo itatsatira kale symlink zonse, choncho foda ya `malo` imakhala itafufutika inu musanaione. Ichi ndi chifukwa chake PEP 405 inanenetsa kuti kafayilo ka makonzedwe kafunidwe pambali pa fayilo yoyendetsa symlink isanatsatidwe. Pa Linux, CPython imayamba ndi `argv[0]`, dzina limene pulogalamu yaitanidwa nalo: ngati muli chizindikiro cha `/` imaitenga ngati njira, ndipo ngati mulibe imayenda mu `PATH` foda ndi foda mpaka itapeza fayilo ya dzinalo yoti n'kuyendetsedwa, monga mmene shell inachitira poiitana. Sungani njira ziwiri, yosatsatidwa yofunira malo odzipatula ndi yotsatidwa yofunira laibulale pamene palibe kafayilo ka makonzedwe. Dziwaninso kuti `argv[0]` amalemba ndi woitana, ndipo angathe kulembamo chilichonse, choncho konzekerani chochita njirayo ikapezeka kuti kulibe. Gawo limeneli limaoneka laling'ono koma limakula mosaoneka. Mu CPython linali mu mafayilo a C osiyana a Windows ndi a Unix amene ankasemphana m'tinthu tambiri, mpaka pa Python 3.11 analilembanso lonse kukhala fayilo imodzi ya `getpath.py` kuti lizitheka kuyesedwa. Langizo langa ndi lakuti mulembe gawoli ngati ntchito imodzi yolandira `argv[0]`, ma variable ndi njira yofunsira ngati fayilo ilipo, n'kubweza mayankho ake osakhudza china chilichonse, kuti muzitha kuliyesa ndi disiki yongoyerekeza.

Ngati mukufuna kuti chiyankhulo chanu chidzayende pa Windows, musadalire symlink. Kumeneko kupanga symlink kumafuna ufulu wapadera kapena Developer Mode, ndipo fayilo ya `.exe` yokopedwa yokha imasowa ma DLL ake, mafayilo a laibulale amene imawayembekezera pambali pake. Poyamba venv inkakopera `python.exe` pamodzi ndi ma DLL, zimene zinabweretsanso vuto lija la kusiyana msinkhu. Kuyambira pa Python 3.7.2, chimene chimaikidwa mufoda ya `Scripts` ndi kapulogalamu kakang'ono kotumiza, kamene kamawerenga `home` mu `pyvenv.cfg`, n'kuitana Python yeniyeni, n'kuiuza kudzera mu variable ya `__PYVENV_LAUNCHER__` kuti idziyese ngati ili pamene kapulogalamuko kali. Apa variable yabwereranso, koma ndi ya pakati pa mapulogalamu awiri okha, munthu saigwira.

Pa zimene a Kalulu anena, ndikuvomereza theka. Kusunga maphukusi potsata njira yake yonse m'malo mwa dzina ndi chinthu choyenera kuchiganizira lero. Komabe chili ndi mtengo wake, pakuti mitundu iwiri ya phukusi limodzi ikakhala m'pulogalamu imodzi, chinthu chopangidwa ndi mtundu woyamba chikaperekedwa kwa wachiwiri chimakanidwa kuti si chake ngakhale dzina ndi lomwelo, ndipo uthenga wa cholakwikacho umazunguza mutu. Chimene sindikuvomereza ndi kukwera m'mwamba mopanda malire. Pa kompyuta ya anthu ambiri, munthu wina angathe kuika foda ya maphukusi pamalo ngati `/tmp`, ndipo inu mukayendetsa pulogalamu mufoda ya pansi pake, interpreter yanu idzawerenga ndi kuyendetsa zimene iye walemba ndi ufulu wanu. Git inapezeka ndi bowo la mtundu womwewu pa kafunidwe kake ka foda ya `.git`, ndipo mu 2022 anaonjeza lamulo la `safe.directory` loti izikana foda ya mwini wina. Mukasankha njira ya Node, ikani malire pa fayilo imene imasonyeza mutu wa ntchito, ndipo onani mwini wa foda musanawerengemo kanthu. Njira ya kafayilo pambali pa fayilo yoyendetsa ilibe vutoli kwenikweni, chifukwa amene angathe kulemba pambali pa interpreter yanu angathenso kuisintha interpreteryo.

Pali zinthu ziwiri zimene Python sinazikonze ndipo inu mungathe kuzikonza pachiyambi pomwe. Choyamba, venv imalemba mzere wa `version` mu `pyvenv.cfg`, koma interpreter siufananiza ndi mtundu wake podzuka. Munthu akakweza Linux yake ndipo `/usr/bin/python3` yachoka pa 3.11 kupita pa 3.12, symlink ija imaloza kwa mlendo, amene amafuna `lib/python3.12/site-packages` pamene maphukusi onse ali mu `lib/python3.11`. Uthenga umene munthuyo amaona ndi woti phukusi lakutilakuti silikupezeka, ndipo amataya ola lathunthu akuliikanso. Mizere isanu ya C ingathe kunena zoona zake, kuti malowa anapangidwa ndi mtundu wina ndipo apangidwenso.

Chachiwiri ndi kusamutsa. Malo a venv sasunthika, chifukwa pip, chida choikira maphukusi a Python, ikaika kapulogalamu mu `bin` imalemba njira yonse ya interpreter pa mzere woyamba wa `#!`, ndipo `activate` nayonso imasunga njira yonse. Mukangosintha dzina la foda ya pamwamba, zonsezo zimaloza kumene kulibe kanthu. Mzere wa `#!` ulinso ndi malire a kutalika, amene pa Linux yakale anali zilembo 127 zokha, moti foda yozama kwambiri inkaudula pakati. Mungathe kuchepetsa vutoli polemba timapulogalamu toyambitsira timene timapeza interpreter potsata pamene ito tili. Koma ngakhale mutero, phunzitsani anthu anu kuti malo odzipatula ndi chinthu chotaya ndi kupanganso kuchokera pa fayilo ya mndandanda wa maphukusi, ndipo kupanganso kukhale kotchipa. Kwa ife amene timagula bandulo ya intaneti, kutsitsa phukusi lomwelo kakhumi chifukwa tili ndi ntchito khumi ndi ndalama zenizeni. Zida zoikira maphukusi ngati pnpm ndi uv zimasunga phukusi lililonse kamodzi pa disiki n'kumalilumikiza m'malo osiyanasiyana, nthawi zambiri ndi hard link, ndipo chida chanu choikira maphukusi chingathe kutengera zimenezo popanda interpreter kudziwa kanthu.

Mphunzitsi_Wakale analemba:

Mai afotokoza zonse zimene ndikanaonjeza pa symlink. Ndingoyankha a Kalulu pa nkhani ya kuiwala `activate`, chifukwa dandaulo lawo ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Kungoti dandaulolo silikufuna kuti interpreter isinthe kafunidwe kake ka maphukusi. Likufuna kalamulo kakang'ono ka pamwamba, kamene kamayang'ana mufoda ya ntchito, kakapeza malo odzipatula n'kuitana interpreter ya m'menemo, monga mmene `uv run` imachitira. Kukwera m'mwamba kufunafuna foda kumachitika pokhapokha munthu akapempha, ndipo interpreter imene cron kapena seva yaitana imakhala ndi yankho limodzi losadalira foda imene yaimamo.

Pali mbali ina imene sitinaikhudze, ya foda ya kompyuta yonse ija imene inayambitsa zonsezi. Kukhala ndi malo odzipatula sikuletsa munthu kuika phukusi kunja kwake, ndipo anthu a Python anapitiriza kuswa zida za Linux zawo ndi `sudo pip install` kwa zaka khumi venv ilipo kale. Zinatha ndi PEP 668, imene imalola opanga Linux kuika fayilo ya `EXTERNALLY-MANAGED` mufoda ya laibulale yaikulu, ndipo pip ikaiona ili kunja kwa malo odzipatula imakana kuika kanthu. Debian 12 ndi Ubuntu 23.04 zinayamba kutero mu 2023, ndipo ambiri anakwiya chifukwa anali atazolowera. Inu a Nkhwazi mulibe anthu ozolowera oti akwiye, choncho chida chanu chikane kuyambira lero kulemba kunja kwa malo odzipatula pokhapokha munthu atachikakamiza ndi mawu omveka.

Nkhwazi_C analemba:

Ndasintha kuti iyambe ndi `argv[0]` ndi kuyenda mu `PATH`, ndipo tsopano kafayilo ka makonzedwe kakupezeka. Ndaikanso kufananiza kwa `version` kumene Mai ananena, ndipo ndayesa posintha nambala ndi dzanja: ikukana kudzuka n'kutchula mitundu yonse iwiri. Mzere wa cron tsopano ukutchula njira yonse ya `malo/bin`, ndipo variable ija ndaichotsa. Za tebulo la maphukusi sindinasankhebe, popeza ndikufuna ndiyambe ndaona kuti zingatenge chiyani kuti uthenga wa cholakwika uzitchula njira ya phukusi pamene mitundu iwiri yakumana. A Kalulu, ngati muli ndi chitsanzo cha mmene vuto limeneli limaonekera mu Node pa ntchito yeniyeni, chonde chiikeni pano kuti ndichiyese pa interpreter yanga kumapeto kwa sabata ino.